Pilo wa memory foam: khosi langa lapuma, koma amatentha

Kwa miyezi 3 ndinkadzuka khosi litauma, moti kuti ndione kumbali ndinkatembenuka thupi lonse ngati nkhuku yoonera dzira. Mkazi wanga ankati ndi ukalamba. Dokotala wa mafupa atandifunsa kagonedwe kanga, vuto linapezeka: ndinkagona chafufumimba, khosi litapotoka usiku wonse, pamapilo awiri osanjikiza.

Ndinagula pilo wa memory foam (siponji yofewa yotsatira mmene mutu ndi khosi zagonera) m'sitolo ina ku Limbe, wokhala ndi kaphiri mbali yotsamira khosi. Mtengo wake ungagule mapilo wamba atatu, ndipo ndinadandaula polipira. Masiku 4 oyamba ankanunkha ngati mphira, ndinachita kumuyanika pakhonde. Patatha sabata 2, ndikugona chammbali kapena chagada, m'mawa ndikutembenuza mutu bwinobwino. Ndimathandizirako ndi kansalu kofunda pakhosi, ndipo foni ndinasiya kuiweramira pabedi.

Choipa chake ndi kutentha. Mu Okutobala mutu umachita thukuta, komanso siponji yakeyo sichapidwa, mumangochapa chikuto.

Koma khosi likauma pamodzi ndi kutentha thupi, mutu waukulu ndi kusanza, musadalire pilo. Akhoza kukhala matenda oumitsa khosi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.