Kosi ya ukochi ija ndinalipila K18,000, patha miyezi 14 manje anditumizila bilu ina

Lachiwili lapitali ndili pa msika wa Kapata kuno ku Chipata ndisankha matimati, foni n'kulila. Kuyang'ana, imelo yochokela kwa anthu aja anandiphunzitsa ukochi chaka chatha, mkati muli invoisi ya K4,500. Akuti ndi ya maola atatu a mentor coaching, aja okhala awiliwili ndi mphunzitsi. Ndinaima chilili pakati pa njila mpaka wa njinga anachita kundiimbila belu kawili. Ndiye ngati anapangana, madzulo ake alamu anga amene agwila ku banki n'kundilembela pa WhatsApp kuti, "Alamu, kosi yanu ija atsegulanso malo, kodi ndilembetse?" Ndinayamba kuyankha, ndinafufuta, ndinayambanso, kenako ndinaona kuti nkhaniyi ndi yaitali, bola ndiilembe yonse kamodzi aliyense aweluze yekha.

Ine ndinagwila zaka 11 mu HR, ofesi yoona za anchito, pa kampani ina yogula thonje ndi soya kuno kum'mawa. Kuyambiliro kwa 2024 anatichepetsa, ndipo pa ndalama imene anandipatsa ndinapatulako K18,000 ya kosi imeneyi, ndinalipila katatu pa mobile money. Ndinaiona pa Facebook. Executive coaching, kutanthauza kukhala pansi ndi mabwana ndi mamanija n'kuwathandiza kuganiza bwino pa nchito yao. Amai anga mpaka lelo amauza anzao ku chalichi kuti mwana wao ndi kochi wa mpila, ndinatopa kuwakonza.

Zimene zinayenda bwino sindichedwapo. Aphunzitsi anali odziwa zinthu, pamenepo sindinama. Makalasi a pa Zoom Lachiwili ndi Lachinai madzulo anali kujambulidwa, ndipo izi zinatipulumutsa ife a kuno chifukwa 2024 ndi chaka chija cha chilala madzi atachepa ku Kariba, magetsi kubwela pakati pa usiku ngati mfiti. Ma weekend awili a ku Lusaka anali bwino, olo kuti ulendo wa pa Great East Road kupita ndi kubwela unandithyola msana ndi thumba lomwe. Gulu la pa WhatsApp la anzanga a m'kalasi likali ndi moyo, timakochana tokhatokha. Anatiphunzitsa GROW, njila ija inafalitsidwa ndi John Whitmore, yoti uyambe kufunsa munthu cholinga chake, kenako mmene zinthu zilili lelo, kenako njila zimene zilipo, pomaliza chimene iye achite ndi liti. Ndi yosavuta, ungailembe pa chikhatho, ndipo ndimaigwilitsabe nchito.

Koma chimene ndinagula ndi ndalama ija sichinali pa advert ai. Ndinagula kudziwa kuti ine ndili ndi pakamwa.

Mwezi wachiwili anatipatsa chija amati Johari window, cha Joseph Luft ndi Harrington Ingham cha mu 1955. Ndi kazenela ka zigawo zinai, china ndi zimene iwe udziwa ndi anthu adziwa, china ndi zimene ubisa, china palibe adziwa, ndiye pali chigawo choopsa chija cha zimene anthu onse aona pa iwe koma iwe mwini suona, monga msana wako. Anati tifunse anthu asanu otidziwa. Ine ndinapita ndi mtima woti ndikamva zoti ndine wolimbikila, wosamala anthu. Mng'ono wanga anaseka kaye, n'kunena kuti "Achemwali, inu mukafunsa munthu funso yankho mumakhala nalo kale m'thumba." Mnyamata wina amene anali pansi panga ku nchito ananena mwaulemu kwambili, akupepesa kawili, kuti pa zaka zinai sanamalizepo sentensi mu ofesi mwanga. Aphiri kunyumba anangoti "ine musandilowetsemo" n'kutuluka panja, ndiye yankho lenileni linali lomwelo.

Ndinakwiya masiku awili. Ndinati awa ndi nsanje chabe. Kenako inabwela homuweki yojambula seshoni imodzi ndi kuilemba liu ndi liu. Ndinakhala pa tebulo ndi kanyali ka solar, mahedifoni m'makutu, bolopeni m'manja, ndimvela ndekha. Seshoni ya mamineti 40, ndinachita kuwelenga ndi wochi, ine ndinalankhula 26. Kochi! Munthu wobwela ndi vuto lake anapatsidwa 14, ndipo mwa 14 imeneyo theka anali "eya amai, zoona amai". Ndinamva liu langa likuti "ine ndikanakhala inu" kasanu. Manyazi amene ndinamva usiku umenewo, ndili ndekha m'nyumba popanda ondiona, sindinawamvepo olo pa chinkhoswe.

Ndipo ndinazindikila kumene zinachokela. Ife tinakula ndi alangizi. Anamkungwi amalangiza, ankhoswe amalangiza, abusa amalangiza, amalume amalangiza, wamkulu akalankhula wamng'ono amaomba m'manja. Ine ndine woyamba kubadwa, kenako HR, moyo wanga wonse anthu anabwela kwa ine kuti ndiwauze chochita ndipo ndinali kumva kukoma. Ukochi ukuti ai, yankho lili mwa mwini vuto, iwe funsa n'kutseka pakamwa. Kunena n'kosavuta. Yesani kukhala chete masekondi khumi pamaso pa munthu amene wakulipilani, muona mmene mimba imatenthela.

Ndikuuzeni za tsiku limene ndinakhulupilila kuti chinthuchi chimagwila. Ndapempha chilolezo kwa eni ake ndipo zina ndasintha. Atate ena a zaka zopitilila 60, achairman a kopaletivu ina kunja kwa tauni, anatumizidwa kwa ine ndi mwana wao. Tinakhala pa khonde pao, iwo pa mpando wa ndalema, ine pa kampando, nkhuku zikuzungulila. Poyamba zinavuta, chifukwa kwathu kuno mwana safunsa wamkulu mafunso ngati wapolisi, ndiye funso lililonse ndinali kuliveka zovala, "Atate, mundikhululukile, ndifunseko." Vuto lao linali lakuti msungichuma wa kopaletivu ndi muphwa wao, mwana wa alongo ao, ndipo ndalama za feteleza sizinali kugwilizana ndi buku. Mamembala ayamba kung'ung'udza. Ine wa HR yankho linali kale pa lilime, muimitseni, itanani komiti, lembani kalata. Ndinachita kudzitsina pa ntchafu. M'malo mwake ndinati, "Atate, pa nkhani yonseyi, chimene chikulandani tulo kwenikweni n'chiti?"

Chete. Anayang'ana ku munda. Tambala analila, mwana wina anadutsa ndi chigubu cha madzi, ine mumtima ndiwelenga, 15, 16, 17, thukuta m'khwapa, ndikuganiza kuti ndawanyoza akuluakuluwa. Nditafika cha m'ma 40 anapuma mpweya waukulu n'kunena kuti, "Mwanangu, mnyamata uja sindimuopa. Ndiopa amai ake. Ine ndine mwini mbumba, ndikamuchotsa pagulu ndidzalowa bwanji pakhomo pa mlongo wanga?" Basi. Nkhani sinali ya buku la ndalama, inali ya mbumba, ndipo kalata yanga ija ikanangothila palafini pa moto. Njila anaipeza okha, anati ayamba kupita kwa alongo ao m'mamawa anthu asanadzuke, akakambe za pabanja, mnyamatayo abweze pang'onopang'ono ndi kutula udindo yekha komiti isanakhale. Ine zimenezo sindikanaziganiza olo mutandipatsa chaka. Pobwelela pa minibasi ndinali kumwetulila ndekha ngati wopenga. Tsiku limenelo mukanandifunsa ndikanati K18,000 ndi yochepa.

Manje tibwele ku bilu.

Amene simudziwa, pepala limene lidziwika kunja pa nchitoyi ndi la ICF, International Coaching Federation, bungwe limene linayamba ku America mu 1995. Sitepe yoyamba amaitcha ACC. Afuna maola 60 a maphunzilo, maola 100 okocha anthu enieni ndipo 75 mwa amenewo akhale olipilidwa, maola 10 ndi mentor pa miyezi itatu kapena kupitililapo, ndi mayeso. Pa maola 10 aja, 7 angakhale a pagulu koma atatu afunika muli awiliwili. Apa ndiye pali bala langa. Advert inalembedwa kuti "ICF aligned". Ine ndinawelenga ngati "accredited", ndiye kuti yovomelezedwa ndi eni ake, osadziwa kuti mau awiliwa ndi osiyana ngati nsima ndi phala. Pa webusaiti ya ICF pali pofufuzila makosi ovomelezedwa, zimatenga mamineti awili, ine wa zaka 11 zowelenga makontilakiti a anthu sindinafufuze. Ndinangoimba foni, mtsikana wa ku ofesi kwao n'kundiuza kuti "zonse zilimo amai, musadandaule," ine n'kutumiza ndalama. Palibe chinalembedwa.

Maola 7 a pagulu tinachita. Atatu aja ndiye akhala nyimbo kuyambila Okutobala. Mentor ali ku Johannesburg, ali busy, tidzakuuzani. Anandipatsa tsiku katatu. Kachiwili ndinakonzeka ngati ndipita ku intavyu, ndinasuntha kasitomala, ndinagula bando, kunyumba kunalibe magetsi ndiye ndinapita pa loji ina ya jenereta n'kugula Fanta kuti andilole soketi. Ndinakhala pa Zoom ndekha ndikuyang'ana nkhope yanga mamineti 50, Fanta yachiwili, palibe analowa. Mawa lake meseji, "sorry madam, kunali confusion ya nthawi." Ndipo choseketsa n'chakuti anthu omwewa ndi amene anatiphunzitsa sabata yathunthu za kusunga pangano ndi kasitomala, kuti kochi agwilizane ndi munthu momveka bwino pa ndalama, nthawi ndi malile zinthu zisanayambe. Ndili nazo mu notsi, ndinachita kudula mzele pansi.

Ndiye pambuyo pa miyezi yonseyi, m'malo mwa tsiku, invoisi. Ndinaimbila a director eni ake. Munthu waulemu, liu lozizila, anandimvetsela mpaka kumaliza osandidula, mwina ndi ukochi womwewo. Anati maola a awiliwili sanali mu package, mentor amalipilidwa m'madola, mtsikana uja anachoka kale nchito. Ndinati nanga bwanji munandipatsa masiku katatu osatchula ndalama? Anakhala chete. Ine ndinakhalanso chete, ndinati lelo tione amene anaphunzila bwino. Anayamba ndi iwo, anati andichotsela ndilipile K3,000.

Tiwelenge ndalama, chifukwa alamu anga ndi a ku banki. Kosi K18,000, maulendo awili a ku Lusaka ndi malo ogona, mabando osawelengeka, ndipo ICF yeniyeniyo ikadzafika nthawi ya mayeso idzafunanso zake m'madola. Zimene ndabweza mpaka lelo ndi K11,400. M'buku langa muli maola 61, olipilidwa 38. Ku Chipata kuno ma executive a suti aja a pa advert ndi ochepa, ndipo ambili mwa iwo zinthu zotele zimakonzedwa ku head office ku Lusaka. Anthu anga ndi ahedi a masukulu, eni maloji, ma agro dealer, amai ena a hadiweya, achairman a makopaletivu. Ena amalipila K300 pa seshoni, ena amati tidzaonana tikagulitsa soya. Atate aja anandipatsa thumba la nshawa za Chalimbana, ndipo ndinakondwa nditaona kuti ICF imawelenga kusinthana ndi katundu ngati malipilo, ndiye nshawazo zinalowa m'buku, zina tinasinjila. Vuto lina n'lakuti anthu akamva kuti sindiwauza chochita amadabwa, wina anandifunsa m'maso kuti "ndiye ndikulipilani chani amai, mafunso?" Sanabwelenso.

Ndiye mukandifunsa ngati ndi yabwino, zidalila tsiku. Lachisanu lapitali ahedi ena anandiimbila kuti miting'i ya staff imene anali kuiopa inayenda bwino, anangofunsa aphunzitsi funso limodzi n'kudikila, tsiku limenelo kosi ndinaipatsa 9 pa 10. Mwana wanga wa giredi 11 anayamba kundiuza zinthu zimene kale anali kuuza azakhali ake, zimenezo sindidziwa kuziika mtengo. Koma ndikatsegula imelo ija mtima umabwelela pa loji paja ndi Fanta wanga, ndimatsika mpaka 4. Maphunzilo ndi abwino, ogulitsa ake ndi amene ali ndi chigawo chija cha pa Johari chimene tonse tiona koma iwo saona.

Alamu ndawauza kuti asatumize olo ngwee imodzi mpaka awalembele pa pepala kuti maola 10 onse alimo, atatu a awiliwili atchulidwe ndi dzina la mentor ndi miyezi yake, ndipo ayambe afufuza dzina la kosiyo pa webusaiti ya ICF okha. Ine K3,000 ija sindinalipile. Mnzanga wa m'kalasi wa ku Petauke wapeza mentor wina amene ali ndi PCC, sitepe yachiwili ya ICF, akuti tikapita awili atichitila mtengo wabwino, tikambilana naye Loweluka. A director ndawalembela kuti ngati afuna ndalama yanga ayambe andipatsa ola loyamba, ndidzalipila likatha. Meseji yaonetsa matiki awili a buluu kuyambila dzulo 10 koloko.