Makina opopera madzi, makina okolopa kapena mopu: chosamala bwalo la masewera n'chiti?

Bwalo limene anthu amalipira kuti asewerepo silipuma. Gulu la m'mawa likamatuluka, lina lili kale pachipata, wokonza bwalo n'kutsala ndi kampata ka theka la ola. N'chifukwa chake eni mabwalo akapeza kandalama amathamangira kugula makina opopera madzi mwamphamvu, aja a pressure washer. Ine ndimati ayambe afatsa. Pa njira zitatu zimene zimalimbirana ntchitoyi, makina opopera, makina okolopa, ndi zida wamba monga mopu, bulashi ndi chouluzira masamba, opoperawo ndiwo amasangalatsa maso, koma ndiwonso amadya bwalo msanga.

Mabwalo apanja a tenesi, basketball ndi mpira wa manja nthawi zambiri amakhala a phula kapena konkiriti, pamwamba n'kupaka penti ya acrylic yosakaniza ndi mchenga wa silika. Mchengawo ndi umene umagwira nsapato ya wosewera ndi kuchepetsa liwiro la mpira. Tsono madzi amphamvu sadziwa kusiyanitsa litsiro ndi mchenga. Mukayandikitsa kamwa ka payipi pansi mumaona mzere wowala ukulondola dzanja lanu, mtima n'kumati litsiro likuchoka, chonsecho ndi penti ikupalika. Bwalo likauma pamatsala mizere yokhotakhota ngati podutsa nkhono, ndipo siichoka mpaka mudzapakenso penti. Pamene pali mng'alu ndiye zimanyanya. Madzi amalowa pansi pa penti n'kuitukula, pakatha masabata angapo yayamba kukanganuka m'mbali.

Sikuti makinawa ndi opanda ntchito ayi. Kumpanda ndi pansi pa mitengo, kumene dzuwa silifika bwino, kumamera ndere, ndipo kukagwa mvula pamatereradi. Apo bulashi yokha imatopetsa. Amisiri ambiri opaka mabwalo amalangiza kuti mphamvu ya madzi isapyole 100 bar, yomwe ndi pafupifupi 1,500 PSI, kamwa kakhale kotulutsa madzi motambalala, ndipo katalikire pansi ndi masentimita 30 kapena kuposerapo. Kamwa kozungulira kaja ka turbo kasaponde n'komwe pabwalo. Ngati makina anu ali ndi chimbale cha surface cleaner, gwiritsani chimenecho, poti chimasunga mtunda wofanana ngakhale dzanja litatopa. Ndere muyambe mwaipha ndi klorini wosungunula m'madzi, mudikire pang'ono, mukweche ndi bulashi yofewa, kenaka mutsukuluze. Klorini ameneyu asakumane ndi amoniya kapena mankhwala a asidi, chifukwa mpweya wotuluka pamenepo ndi wakupha.

Muwerengerenso nthawi. Mizere ya bwalo la tenesi imazinga mamita 23.77 m'litali ndi 10.97 m'lifupi, koma malo onse a mumpanda amafika mamita 36 ndi 18, kuposa masikweya mita 600. Kuwapopera bwinobwino ndi ntchito ya maola, kuwonjezerapo kudikira kuti paume, ndipo nthawi yonseyo bwalo n'lotseka, ndalama sizikulowa. Ndi ntchito ya kamodzi kapena kawiri pachaka basi.

Makina okolopa, monga amene amapanga a Kärcher, Tennant ndi Nilfisk, amagwira ntchito mosiyana. Ali ndi matanki awiri. Lina limathira madzi a sopo pansi, bulashi kapena padi (chiguduli chozungulira chokwechera) n'kukwecha, ndipo kumbuyo kuli labala wokokolola ndi choyamwa chimene chimabweza madzi akuda m'thanki lachiwiri. Pamene adutsa pamauma m'mphindi zochepa. M'holo ya pansi pa vinyl kapena polyurethane, makinawa alibe mnzake. Bwalo la basketball la muyeso wa FIBA, bungwe la basketball la dziko lonse, ndi mamita 28 ndi 15, masikweya mita 420, ndipo wa mopu ndi ndowa akamafika pakati madzi amakhala atada kale. Chimene akuchita kuyambira pamenepo ndi kumwaza thukuta ndi sopo pabwalo lonse. Zikauma zimasiya kautoto kosaoneka, ndipo ndiko kamagwetsa osewera. Lamulo la ku Ulaya la EN 14904 limafuna kuti pansi pa holo ya masewera pazigwira nsapato pa mlingo wa 80 mpaka 110: pasaterere, komanso pasagwire mopyola mpaka bondo kupotoka. Polishi wa m'maofesi amasokoneza mlingo umenewu, choncho wokonza wakhama amene akufuna kuti bwalo liziwala mumuletse mwaulemu.

Makinawa ali ndi zofuna zawo. Padi ikhale yoyera kapena yofiira, chifukwa yakuda ndi yosupulira utoto. Sopo akhale wa pH yapakati, kutanthauza wopanda ukali wa asidi kapena wa soda, wosachita thovu lambiri. Thanki la madzi akuda likagona osakhuthula, mawa lake holo yonse imanunkha. Labala ndi mabatire zimatha, zimafuna kugula zina. Panja pa acrylic, mchenga uja umadya padi msanga, ndiye pamafunika bulashi yofewa.

Pa bwalo la matabwa ndiye nkhani ina. Bungwe la opanga matabwa a mabwalo ku America, Maple Flooring Manufacturers Association, sililimbikitsa makina okolopa pa matabwa a maple. Madzi amalowa m'mipata, thabwa limafufuma, m'mbali mwake n'kutukuka. Bungwelo limati chinyontho cha mpweya m'holo chizikhala pakati pa 35 ndi 50 peresenti, ndipo thabwa losafuna chinyontho cha mumpweya silingakondwe ndi cha m'thanki. Apa wopambana ndi mopu wouma wotambalala wa microfibre, tsiku ndi tsiku, ndipo ngati masewera achuluka, pakati pa magulu pomwe. Madontho a thukuta ndi zakumwa apukutidwe pompo ndi nsalu yofinya bwino. Vanishi wapamwamba amafuna kuwonjezera chaka ndi chaka.

Zida wambazi anthu amazinyoza chifukwa zambiri sizilira, koma ndizo zimalimbana ndi mdani weniweni, yemwe ndi mchenga wobwera ndi nsapato. Ukapondedwa tsiku lonse umapala vanishi ndi penti pang'onopang'ono, makamaka pansi pa golo ndi pamzere wakumbuyo wa tenesi. Chopondera chachitali pakhomo ndi lamulo loti nsapato zoyendera panja zisalowe m'bwalo zimachotsa gawo lalikulu la ntchito isanayambe n'komwe. Panja, chouluzira masamba chimamaliza bwalo mwachangu, masamba asanawole n'kudetsa penti. Pa bwalo la padel, masewera ofanana ndi tenesi, la mamita 20 ndi 10, udzu wake wapulasitiki umaimirira chifukwa cha mchenga wothiramo, ndiye bulashi yokoka ndi imene imabweza mchengawo kuchoka m'makona. Makina opopera angangouchotsa wonse.

Zithaphwi zokha palibe chida chimene chimazithetsa. Bwalo lapanja limamangidwa motsetsereka pafupifupi sentimita imodzi pa mita iliyonse kuti madzi azichoka okha. Ngati pena patsala madzi kwina konse kutauma, ndiye kuti pansi panalowa. Mutha kukokolola ndi labala kuti masewera apitirire, n'kuyeretsa ngalande, koma pamapeto pake mmisiri adzayenera kudzazapo.

Amene thumba lake n'lochepa ayambe ndi mopu, chopondera ndi chouluzira. Makina okolopa agule ngati ali ndi holo ya vinyl kapena polyurethane yotanganidwa tsiku lonse. Opoperawo ndi bwino kungobwereka nthawi yake ikakwana. Wobwera nawo musamulole kuyambira pakati pa bwalo: ayambe wayesa pakona, kunja kwa mizere, paume, inu mupapase ndi chikhatho ngati mchenga ukadalipo. Muyang'anenso pepala la chitsimikizo limene anakupatsani opaka bwalo, chifukwa ena amalembamo kuti penti ikaonongeka ndi madzi amphamvu, mlandu ndi wanu.