Kumene olankhula Chijeremani amamvera nkhani ku Bangkok: nyuzipepala, magulu a pa intaneti kapena mabungwe?

Chiyambire chaka chino ndalandira mauthenga kuchokera kwa amayi atatu, awiri akumudzi amene anakwatiwa ku Germany ndi mmodzi wa ku Chipata amene amakhala ku Zürich, ndipo onsewo nkhani yawo ndi imodzi: amuna awo akusamutsidwira ku Bangkok pa ntchito, ana awo anakulira m'Chijeremani, tsono akufuna kudziwa kumene adzamvere nkhani za anthu olankhula chinenerochi ndi kumene adzapezere anzawo. Popeza nthawi ya kuno ku Bangkok, kumene ndimakhala, ili patsogolo pa ya ku Germany ndi maola 5 kapena 6 malinga ndi nyengo, mafoni awo amandipeza tulo tili m'maso, choncho ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi. Ndinene poyamba kuti bambo a kunyumba kwanga ndi Mjeremani, koma ine ndimayendera pasipoti ya Malawi, ndipo zimenezi zimasintha kaonedwe kanga ka zinthu.

Ndiyambe ndi nyuzipepala, chifukwa ndi zimene munthu amayamba kukumana nazo akangofufuza pa intaneti. Zodziwika kwambiri ndi Der Farang ndi Wochenblitz, ndipo nkhani zambiri za zonse ziwirizi mukhoza kuziwerenga pa foni osalipira. Mawu akuti farang ndi amene anthu a ku Thailand amatchulira azungu, monga mmene ife timanenera kuti mzungu, ndipo dzinalo likukuuzani kale amene akulemberedwa. Der Farang imachokera ku Pattaya, mzinda wa m'mbali mwa nyanja womwe uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Bangkok, kumene kuli Ajeremani, Aswisi ndi anthu a ku Austria ambiri opuma pa ntchito. N'chifukwa chake nkhani zimene zimachuluka ndi za ndalama za ku Thailand zokwana 800,000 baht zimene munthu wopuma pa ntchito amayenera kusunga ku banki kuti aloledwe kukhala chaka china, za inshuwalansi ya kuchipatala, za mphamvu ya baht poyerekeza ndi euro, ndi za ngozi za pamsewu. Pamene dziko la Thailand linasintha kamasuliridwe ka lamulo la msonkho kuyambira pa 1 Januwale 2024, n'kunena kuti munthu wokhala m'dzikomo masiku 180 kapena kuposa pa chaka azilipira msonkho pa ndalama zimene wapeza kunja n'kuzilowetsa m'dzikomo, nyuzipepala za Chijeremani zinagwira ntchito yotamandika pofotokozera anthu odya penshoni m'chinenero chawo. Pa zimenezo ndimazipatsa ulemu. Koma mayi amene akufunafuna dokotala wa ana wolankhula Chijeremani pafupi ndi dera la Sukhumvit, pakati pa Bangkok, kapena amene akufuna kudziwa ngati sukulu zitsekedwe chifukwa cha fumbi loipa la mumpweya limene limakuta mzindawu cha mu Januwale ndi Febuluwale, sapezamo zambiri. Za mumzinda weniweniwo ndimawerenga Bangkok Post, imene yakhala ikutuluka m'Chingerezi kuyambira 1946.

Tsopano ndifike pa magulu a pa intaneti, ndipo apa mundikhululukire chifukwa ndikhalapo nthawi. Magulu a olankhula Chijeremani alipo ochuluka pa Facebook, ena a mzinda wa Bangkok wokha, ena a dziko lonse, ndipo ubwino wake ndi liwiro: mukafunsa kumene kumagulitsidwa buledi wakuda kapena ufa wophikira makeke a Khirisimasi, mayankho amabwera tiyi wanu asanazizire. Mipando, njinga za ana ndi mabuku a mabanja amene akubwerera kwawo zimagulidwanso mmenemo motchipa. Pa zinthu ngati zimenezi sindiwanyoza.

Chimene chinandipweteka ndi nkhani ya chilolezo chokhalira m'dziko. Chaka chathu choyamba chitatsala pang'ono kutha, ndinafunsa m'gulu lina za kawonjezedwe ka masiku pa chitupa changa, chimene chimadalira chilolezo cha ntchito cha bambo a kunyumba. Anthu angapo anandilozera kwa bambo wina wolankhula Chijeremani chabwino, amene ntchito yake ndi kuyendetsera anthu mapepala ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko. Kwathu anthu otere timawatcha madobadoba, koma uyu anali ndi ofesi yozizira bwino, khadi la bizinesi ndi mtsikana wopereka madzi kwa alendo, ndiye mawu aja sanandibwerere m'mutu. Ananditchulira mtengo n'kunena kuti zonse zili momwemo. Ndinalipira ndipo ndinamusiyira pasipoti.

Pasipoti itakhala m'kabati mwake, zinthu zimene zinali momwemo zija zinayamba kutuluka chimodzichimodzi. Choyamba anati chilolezo chotuluka ndi kubwereranso m'dziko n'chapadera, ndipo anandilipiritsa 6,000 baht. Chilolezo chimenechi n'chofunikadi, chifukwa mukatuluka mu Thailand mulibe chimenechi masiku onse amene anakuwonjezerani amafera pomwepo, ndipo kwa ine woyendera pasipoti ya Malawi zikanatanthauza kuyambiranso kupempha chitupa ndili kunja. Koma mtengo wa boma ndi 1,000 baht pa ulendo umodzi, kapena 3,800 baht pa maulendo ochuluka, ndipo munthu akhoza kuchitenga yekha ngakhale pa bwalo la ndege la Suvarnabhumi asanakwere ndege. Kuwonjezera masiku kwenikweniko boma limalipiritsa 1,900 baht basi. Chachiwiri chinali cha kudziwitsa boma kumene mukukhala masiku 90 alionse, chimene mlendo aliyense wokhalitsa amayenera kuchita pa fomu yotchedwa TM.47. Ntchito imeneyi ndi yaulere, ndipo boma limalola kuichita kuyambira masiku 15 tsiku lisanakwane mpaka masiku 7 litadutsa. Bambo uja ankandilipiritsa ulendo uliwonse. Ndinapirira poganiza kuti ndikugula mtendere wa mumtima, mpaka ulendo wachitatu pamene anaiwaliratu, masiku 7 aja n'kudutsa. Ndinakwera ndekha kupita ku Chaeng Watthana, ku likulu la maofesi a boma kumpoto kwa mzinda, ndinatenga nambala, ndinakhala pa mpando wa pulasitiki kuyambira m'mawa mpaka ogwira ntchito atabwerako ku nkhomaliro, ndipo ndinalipira chindapusa cha 2,000 baht kuchokera m'thumba langa. Mayi wa pa desiki anadinda pasipoti yanga mwaulemu, n'kundionetsa pa foni yake tsamba la boma pamene ndikanatha kuchitira zonsezi ndili pakhomo panga.

Ndalama zinandiwawa, koma chimene chinandikwiyitsa ndi chimene chinatsatira. Nditalemba m'gulu lija mwachidule zimene zinandichitikira, osatchula dzina la munthu, zolemba zanga zinachotsedwa tsiku lomwelo, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti chithunzi chotsatsa malonda cha bambo uja chinali pamwamba penipeni pa gululo kuyambira kalekale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti magulu onse ali choncho, komanso alipo oyendetsa mapepala achilungamo amene makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito. Koma gulu silikuuzani amene akulilipira, ndipo malangizo a mmenemo amachokera kwa anthu a pasipoti ya Germany kapena Switzerland, amene malamulo olowera m'dziko amawapeputsira. Chimene chinayenda bwino kwa iwo chikhoza kukubwezani inu pa bwalo la ndege.

Pa 28 Malichi 2025 ndinaonanso mbali ina ya magulu omwewa. Chivomezi cha mphamvu ya 7.7 chinachitika ku Myanmar, ndipo Bangkok inagwedezeka mpaka nyumba yaitali imene inkamangidwa ku Chatuchak inagwa n'kupha anthu ambiri. Sitima za BTS ndi MRT zinaima, misewu inadzaza, ndipo ife tinatsika wapansi kuchokera pamwamba pa nyumba yathu, madzi a m'dziwe losambiramo la padenga akukhutukira mumsewu. M'magulu aja munadzaza mphekesera za chivomezi chachiwiri chimene ena ankachitchulira ndi ola lomwe. Nkhani yothandiza, yakuti bwanamkubwa wa mzinda Chadchart Sittipunt walola kuti mapaki monga Lumphini ndi Benjakitti akhale otsegula usiku wonse kwa oopa kubwerera m'nyumba, ndinaimva m'kagulu kakang'ono ka makolo a kusukulu pa LINE, pulogalamu ya pa foni yotumizirana mauthenga, momwe aliyense amadziwana nkhope.

Zimenezi zandifikitsa pa sukulu. Sukulu yophunzitsa m'Chijeremani ndi RIS Swiss Section, imene inayamba mu 1963 ndipo ili ku Minburi, kum'mawa kwenikweni kwa mzinda. Ana amafika mpaka pa Matura, mayeso omaliza sekondale a ku Switzerland. Kwa banja la ana, sukuluyi ndiyo gwero lalikulu la nkhani zodalirika, chifukwa makolo amene mumakumana nawo pa chipata ndi omwe anayesa kale dokotala wa mano, mwininyumba ndi woyendetsa galimoto amene akukuuzaniyo. Vuto lake ndi mtunda. Mukasankha kukhala ku Sathorn kapena ku Sukhumvit, mwana amadzuka kukadali mdima. Mukasankha kukhala pafupi ndi sukulu, zochitika za madzulo za pakati pa mzinda mumazimvera kwa ena. Sitima ya Pink Line inapeputsako zinthu, ndipo mwamwayi imadutsanso ku Chaeng Watthana komwe ndinakalipira chindapusa kuja.

Ofesi ya kazembe wa Germany, pa nambala 9 mu South Sathorn Road, si malo opezera anzanu, koma lamulo likasintha muziyamba mwaona tsamba lawo, ndipo Mjeremani wa m'banja mwanu alembetse pa mndandanda wa ELEFAND kuti adzadziwitsidwe pa nthawi ya mavuto. Aswisi ndi anthu a ku Austria ali ndi maofesi awo a kazembe mumzinda momwemu. Bungwe la amalonda la German-Thai Chamber of Commerce, lomwe linakhazikitsidwa mu 1962, ndi la anthu ofuna kudziwana pa bizinesi, ndipo chikondwerero chake cha Oktoberfest n'chosangalatsa kupitako kamodzi ngati kampani yagula matikiti.

Mipingo ndiyenera kuipatsa mawu ochulukirapo. Kuli mpingo wa Chikatolika ndi mpingo wa Chipulotesitanti wopemphera m'Chijeremani, ndipo ife amene tinakulira m'mipingo ya kwathu tisayembekezere kwaya yovina kapena ulaliki wa maola awiri, chifukwa mapemphero amatha mofulumira ndipo nyimbo zimaimbidwa motsitsa mawu. Chuma chili pa khofi wa pambuyo pa mapemphero. Kumeneko mumapeza agogo amene akhala mu Thailand zaka zochuluka kuposa zaka zanu zobadwa, ndipo mwana wanu akagonekedwa m'chipatala ndi anthu amenewa amene amabwera kudzazonda. Palinso bungwe la Deutscher Hilfsverein, lothandiza Ajeremani amene agwa m'mavuto m'dzikoli.

Koma mtima wanga uli ku Goethe-Institut, bungwe lophunzitsa Chijeremani ndi kufalitsa chikhalidwe cha ku Germany, ndipo sindibisa kuti apa ndikukondera. Bungweli lakhala mu Bangkok kuyambira 1960, ndipo lili m'kamsewu kotchedwa Soi Goethe kolowera ku Sathorn 1, kuyenda pang'ono kuchokera pa siteshoni ya MRT ya Lumphini. Muli laibulale ya mabuku a ana ndi akulu, nyuzipepala ndi makanema, ndipo kudzera mu Onleihe, laibulale yawo ya pa intaneti, mukhoza kubwereka mabuku pa foni kwaulere. Amaonetsa makanema a ku Germany, amaitana oimba ndi olemba, ndipo nyengo ya Khirisimasi ikayandikira pabwalo pake pamakhala msika wa Khirisimasi, pamene anthu amamwa vinyo wotentha thukuta lili kamukamu, mwana wanga wamng'ono atagwira soseji ndi dzanja limodzi, lina akudzipepesera mphepo ndi pepala.

Chifukwa chenicheni chimene ndimakondera malowa n'china. M'malo ambiri a Ajeremani kuno, ndikangotsegula pakamwa n'kulankhula Chijeremani, funso loyamba limakhala lakuti ndinachiphunzira kuti, ndipo lachiwiri n'lakuti kwathu kwenikweni n'kuti. Ku Goethe-Institut palibe amene amadabwa, chifukwa ambiri odzaza m'makonde mwake ndi anthu a ku Thailand: anamwino okonzekera kukagwira ntchito ku Germany, achinyamata ofuna kukaphunzira ku yunivesite, ndi amayi okonzekera mayeso oyambirira a Chijeremani otchedwa A1, amene dziko la Germany limafuna kwa munthu wotsatira mkazi kapena mwamuna wake. Tsiku lina ndinakhala pafupi ndi mayi wina wa ku Isaan, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kwa Thailand, amene ankalimbana ndi timawu ta Chijeremani takuti der, die ndi das, akulemba mawu pa timapepala ta mitundu itatu, ndendende mmene ndinkachitira ine zaka zapitazo ndisanakwere ndege. Tinayamba kufunsana mawuwo, ndipo lero ndi mmodzi mwa anzanga apamtima, ngakhale kuti anasamukira kale ku Stuttgart.

Kufooka kwake n'kwakuti sadzakuuzani za TM.47 kapena za msonkho, poti si ntchito yawo, ndipo zochitika zawo zimachuluka m'miyezi yozizirirako ya Novembala mpaka Febuluwale, pamene cha mu Epulo, nthawi ya chikondwerero cha Songkran, mzinda wonse umakhala pa tchuthi ndipo pabwalo paja pamakhala zii. Mayi wa ku Chipata uja anandifunsanso ngati alowe gulu limene linandipweteka lija, poti anamva kuti muli firiji yotsika mtengo ya banja lina lobwerera ku Basel. Ndinamuuza kuti alowe, agule firijiyo, koma pasipoti asamusiyire munthu wa mmenemo, ndipo tsiku lake loyamba la masiku 90 likadzayandikira ndidzamuperekeza ndekha ku Chaeng Watthana pa Pink Line, titanyamula kamba ndi majuzi, chifukwa mkati mwa holo ija mumazizira ngati ku Dedza mu Juni.