Metro ya ku Guangzhou: Imanyamula Munthu Bwino, Koma Mabelo Asiyeni Kunja

Amene amapita ku Guangzhou kukaoda katundu, kaya adzera ku Addis Ababa kaya ku Nairobi, ambiri amathera ndalama pa taxi masiku oyamba chifukwa choopa sitima ya pansi pa nthaka. Mantha ake ndi omveka: zikwangwani za Chitchaina, anthu piringupiringu, mageti otseguka okha. Komabe mwa njira zonse zoyendera mumzindawu, metro ndi imene mlendo angaimvetse msanga. Dzina la siteshoni iliyonse limalembedwanso m'zilembo zathu zomwezi, ndipo zolengeza za m'sitima zimanenedwa katatu: m'Chimandarini, m'Chikantoni ndi m'Chingerezi. Njanji iliyonse ili ndi nambala kapena dzina, komanso mtundu wake, ndipo mtundu womwewo ndi umene uli pa mivi ya pakhoma ndi ya pansi.

Mtengo amawerengera mtunda, osati kuchuluka kwa masiteshoni. Makilomita 4 oyamba ndi 2 yuan. Kuchokera pamenepo kufika makilomita 12 amawonjezera 1 yuan pa makilomita 4 aliwonse. Kuyambira 12 kufika 24 amawonjezera 1 yuan pa makilomita 6 aliwonse. Kupitirira apo ndi 1 yuan pa makilomita 8 aliwonse. Kusintha njanji mkati mwa siteshoni sikulipiritsa china, bola musatuluke pa geti. Ndiye maulendo ambiri a pakati pa misika amagwera pa 2 mpaka 5 yuan, ndipo kuchoka ku bwalo la ndege la Baiyun kufika pakati pa mzinda sikufika ngakhale 10 yuan. Taxi, musanayende ndi pang'ono pomwe, mita yake imayambira pamwamba pa ndalama imeneyo.

Pa kalipiridwe m'pamene anthu amavutika tsiku loyamba, choncho tikhalepo pang'ono. Njira yosafuna kukonzekera kulikonse ndi makina ogulitsa tikiti. Dinani pamene palembedwa English, sankhani njanji, sankhani siteshoni imene mukatsikire, kenako ponyani ndalama. Makinawa amalandira ndalama yachitsulo ya 1 yuan ndi zapepala za 5 ndi 10 yuan. Munthu wongotsika kumene ndege nthawi zambiri amakhala ndi mapepala a 100 yuan okhaokha, ndipo makina sawalandira. Pitani pa kawindo ka ogwira ntchito kamene kamakhala pambali pa mageti akuphwanyireni. Pepala lamakwinya kapena lonyowa limabwezedwa. Liwongoleni pa ntchafu muyesenso. Chimene chimagwa m'makinamo si pepala ayi, ndi kapulasitiki kozungulira kokulirapo pang'ono kuposa ndalama yachitsulo. Polowa mumakagunditsa pa geti, potuluka mumakaponya m'kabowo ndipo geti limakameza. Kamatayika mosavuta kakasakanikirana ndi tchenji, ndiye kapatseni thumba lakelake. Mukapitirira siteshoni imene munalipirira, geti limakabweza, ndipo muyenera kukawonjezera ndalama pa kawindo kaja. Si mlandu, ndi mphindi ziwiri basi.

Njira yachiwiri, yomwe eni mzinda ambiri amagwiritsa ntchito, ndi foni. Mu Alipay, pulogalamu ya pa foni yolipirira zinthu, muli gawo la Transport; mukasankha Guangzhou ndi kuvomereza, imakupatsani QR code yoonetsa pa kagalasi ka geti polowa ndi potuluka. WeChat, pulogalamu ina yocheza ndi kulipirira, nayo ili ndi yake. Zonse ziwiri zimalola kulumikiza khadi la Visa kapena Mastercard la kunja. Zolakwika zake ndi zodziwika. Choyamba, anthu amayamba kulembetsa atafika kale, pamene nambala yachinsinsi yotsimikizira ikutumizidwa ku layini ya kumudzi yomwe siikugwira. Lembetsani musananyamuke, pasipoti ili pafupi. Chachiwiri, banki ya kwanu ikhoza kukana malipiro a kunja, makamaka masiku ano a kusowa kwa ndalama zakunja, choncho kafunseni ku banki ngati khadi lanu ndi lotsegulidwa komanso malire ake ndi otani. Chachitatu ndi batire. Mwalowa ndi foni, yathima muli m'sitima, geti lotulukira silikudziwani. Ogwira ntchito amathandiza, koma kufotokoza ndi manja pa nthawi ya chipwirikiti si masewera. Dziwaninso kuti QR ya metro ndi ya basi zimakhala zosiyana m'gawo lomwelo, ndipo khodi imodzi ndi ya munthu mmodzi: simungalowetse mnzanu ndi foni yanu kenako inunso n'kulowa.

Kwa wokhala sabata imodzi kapena ziwiri, khadi la Yang Cheng Tong ndi limene lili ndi mtendere. Mumaikamo ndalama, mumagunditsa polowa ndi potuluka, limagwiranso ntchito m'mabasi, ndipo silidalira intaneti kapena batire. Limapezeka m'mashopu ngati 7-Eleven, komwenso mungawonjezere ndalama. Palinso tikiti ya tsiku limodzi ya 20 yuan ndi ya masiku 3 ya 50 yuan, yokwera kangapo konse mungafune. Imaoneka yokoma, koma werengani bwino: ngati ulendo umodzi ndi 3 yuan, muyenera kukwera maulendo 7 pa tsiku kuti mupindule. Munthu wa geni amene amakhala maola anayi mumsika umodzi akunenerera mitengo safika pamenepo.

Khomo lililonse lili ndi achitetezo. Chikwama chimadutsa pa makina ounikira ngati ku bwalo la ndege, munthu amadutsa pa chipata chounikira zitsulo. Mipeni, zinthu zoyaka msanga ndi zitini zikuluzikulu zopopera sizilowa. Ili ndi phunziro kwa ogula zitsanzo za katundu: seti ya mipeni ya kukhitchini kapena katoni ya mafuta onunkhira imene mwatenga kuti mukaione bwino ku hotelo idzakubwezetsani pakhomo. Botolo la madzi nthawi zina amaliyeza padera kapena kukupemphani kuti mumweko pang'ono. Kudya m'sitima n'koletsedwa. Pasipoti yendani nayo, pakuti lamulo la dzikolo limafuna kuti mlendo akhale nayo nthawi zonse.

Apa ndiye pali malire enieni a ntchito ya metroyi. Lamulo lake limalola katundu wosapitirira makilogalamu 30 pa munthu, ndipo chinthu chachikulu kwambiri sichidutsa n'komwe pa makina ounikira aja. Sutikesi imodzi ndi chikwama cha kumsana zimalowa bwinobwino. Pali geti lotambalala la oyenda ndi katundu, ndipo chikepe chilipo ngakhale kuti nthawi zambiri chimakhala ku khomo limodzi lokha. Koma belo la zovala, makatoni a nsapato, matumba akuluakulu amizeremizere aja, iwalani. Kuno kulibe kondakitala woti mumugwire m'manja akukankhireni katundu pansi pa mpando. Katundu wogula muuze wogulitsa atumize yekha ku nyumba yosungiramo katundu ya kampani imene ikukutumizirani kumudzi, monga mmene ambiri amachitira, kapena itanani kavani ka Huolala, kampani yonyamula katundu, kudzera mwa wogulitsayo.

Tsopano njira zenizeni. Ku bwalo la ndege, Line 3 inamangidwa ndi masiteshoni awiri: Airport South ya Terminal 1 ndi Airport North ya Terminal 2, koma Terminal 3 yomwe inatsegulidwa mu 2025 ilibe siteshoni ya Line 3. Pobwerera kwanu, onani kaye pa tikiti ya ndege kuti mukunyamukira kuti musanasankhe potsikira. Wopita ku Xiaobei, dera limene Aafirika ambiri amafikira ndi kudyera, akwere Line 3 mpaka Jiahewanggang, asinthe kukwera Line 2 yolowera ku Guangzhou South Railway Station, atsike pa Guangzhou Railway Station, kenako Line 5 siteshoni imodzi yokha. Ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Njira yomweyo imadutsa pa Sanyuanli, siteshoni imodzi musanafike pa Guangzhou Railway Station, kufupi ndi misika ya zikwama ndi zinthu zachikopa. Misika ya zovala ngati Baima ili pafupi ndi Guangzhou Railway Station yomweyo. Haizhu Square, pamene Line 2 imakumana ndi Line 6, ndi Yide Lu yoyandikana nayo ndi kwa zidole, zokongoletsa ndi tizinthu ting'onoting'ono. Nsalu za pa mpukutu zili ku msika wa Zhongda, kufupi ndi siteshoni ya Sun Yat-sen University pa Line 8. Wofuna mipando ndi matailosi ku Foshan ali ndi Guangfo Line, yomwe imalumikiza mizinda iwiriyi popanda kugula tikiti ina, ngakhale kuti kumapeto kwake adzafunabe galimoto yomufikitsa ku mashopu enieniwo.

Chionetsero cha zamalonda cha Canton Fair, chomwe chinayamba mu 1957 ndipo chimachitika kawiri pa chaka, kuyambira mu Epulo komanso mu Okutobala, chili ku Pazhou pa Line 8. Kuchokera ku Xiaobei: Line 5 mpaka Zhujiang New Town, Line 3 mpaka Kecun, kenako Line 8 yolowera ku Wanshengwei. Malowo ndi aakulu moti amatumikiridwa ndi masiteshoni awiri. Wopita ku Area A atsike pa Xingangdong. Wa Area B ndi C atsike pa Pazhou. Kulakwitsa apa ndi kuyenda mtunda wautali pansi, m'chinyezi chotentha cha kum'mwera kwa China, tsiku lisanayambe n'komwe.

Chodandaulitsa chachikulu pa metro yonseyi ndi Line 3, ndipo mtima wa vutolo ndi siteshoni ya Tiyu Xilu. Njanjiyi ili ndi mphanda: nthambi ina imapita ku Tianhe Coach Terminal, ina ku bwalo la ndege. Sitima zina zochokera ku bwalo la ndege zimathera pa Tiyu Xilu pomwepo, zina zimapitirira kum'mwera. Ndiye kuona nambala 3 kokha sikukwanira. Werengani dzina la kumene sitimayo ikukathera pa sikirini ya pa pulatifomu musanaponde. Anthu ambiri ndithu amene amathamangira ndege amazindikira mochedwa kuti ali pa nthambi ya ku Tianhe Coach Terminal. Kuwonjezera apo ndi khamu. M'mawa cha m'ma 7:30 mpaka 9:30 ndi madzulo cha m'ma 5:30 mpaka 7:30, ogwira ntchito amaika mipanda yachitsulo yokhotakhota n'kumalowetsa anthu m'magulumagulu. Mumaima pa masitepe, foni ili pachifuwa chifukwa palibe potambasulira mkono, sitima ziwiri zikudutsa zodzaza mpaka pa chitseko, yachitatu ndiyo mulowe mokankhidwa ndi a kumbuyo. Uli ndi sutikesi, nthawi imeneyi ndi chilango. N'chifukwa chake njira ya Jiahewanggang ndi Line 2 ili yabwino kwa wochokera ku bwalo la ndege: imakuchotsani mu Line 3 musanafike pa mphandapo.

Msampha wina ndi mayina. Masiteshoni a sitima zapamtunda zopita kutali ndi angapo, ndipo ali motalikirana kwambiri: Guangzhou Railway Station pa Line 2 ndi 5, Guangzhou East pa Line 1 ndi 3, Guangzhou South kumapeto kwa Line 2, komanso Guangzhou Baiyun yomwe inatsegulidwa kumapeto kwa 2023, imene si bwalo la ndege la Baiyun ngakhale dzina likufanana. Sitima zambiri zothamanga kwambiri, kuphatikizapo zambiri za ku Hong Kong, zimanyamukira ku South, ndipo kuchoka pakati pa mzinda kukafika kumeneko pamafunika mphindi zoposa 30. Palinso Xiao-gang ya pa Line 2 ndi Xiaogang ya pa Line 8: m'Chitchaina zimalembedwa mosiyana, koma m'zilembo zathu kusiyana kwake ndi kamzere kamodzi. Pofunsa njira kwa wogulitsa, musalandire dzina lokha. Akuuzeni nambala ya njanji, dzina la siteshoni, ndi chilembo cha khomo.

Chilembo cha khomocho musachipeputse. Siteshoni imodzi imatha kukhala ndi makomo A, B1, B2, C, D ndi ena, otulukira mbali zosiyanasiyana za misewu ikuluikulu yokhala ndi mpanda pakati. Mukatulukira kolakwika, msika mukuuona uko kutsidya koma poolokera palibe, mpaka muyende kukapeza mlatho wa oyenda pansi. Musanakwere masitepe, imani pa mapu a pakhoma pafupi ndi mageti, amene amasonyeza khomo lililonse ndi nyumba zimene zili pamwamba pake. Google Maps musaidalire: ndi yotsekedwa m'dzikomo, ndipo ngakhale itatseguka imaika kadontho kanu pamalo olakwika. Amap, pulogalamu ya mapu ya ku China, ndi imene imanena njanji, posinthira ndi khomo molondola. Mapu a Apple a pa iPhone nawo amagwira bwino ntchito.

Mabasi ndi otchipa, ambiri ndi 2 yuan ulendo wonse. Mumalowera kutsogolo, kutulukira pakati, ndipo bokosi la ndalama silibweza tchenji. Koma zikwangwani za pa siteji zambiri ndi za Chitchaina chokhachokha, ndiye kwa mlendo wa sabata yoyamba ndi ongothandizira pamene Amap yanena nambala yeniyeni.

Metro siyenda usiku wonse. Sitima zoyamba zimayamba cha m'ma 6 koloko m'mawa, zomaliza zimadutsa chapakati pa 11 koloko ndi pakati pa usiku, ndipo nthawi yake imasiyana pa njanji iliyonse ndi mbali imene mukulowera. Imalembedwa pakhomo la siteshoni. Vuto limabwera pa ulendo wosintha kawiri: mwapeza sitima yomaliza ya njanji yoyamba, koma pofika posinthira ya njanji yachiwiri yapita kale. Ndege zina zopita ku Africa zimanyamuka usiku kwambiri, ndiye ngati mukufuna kupita ku bwalo pa metro, nyamukani isanakwane 9 koloko. Ndege yanu ikatera pakati pa usiku, pitani pa mzere wa taxi wovomerezeka kapena itanani galimoto ya Didi, taxi yoitanitsa pa foni, kudzera mu Alipay, ndipo adiresi ya hotelo ikhale yolembedwa m'Chitchaina pa foni komanso pa pepala, chifukwa madalaivala ambiri sawerenga dzina lake la Chingerezi.