Koyezetsa maso ku Limbe: mayezedwe ndawayamikira, mafulemu ayi

Amene mumandifunsa kumene ndinapangitsa magalasi anga, ndi kachipatala ka maso kena ku Limbe, pamwamba pa sitolo, masitepe ake opapatiza. Dzina sinditchula, mawa wina angati andilipira. Ndifotokoze momwe amayezera, kuti kaya muli ku Mzuzu kaya ku Balaka mudziwe choyang'ana musanatulutse ndalama.

Ine ndine telala, ndipo zaka 40 ndinazidutsa kale. Pa msinkhu umenewu diso limayamba kukana zapafupi, ngakhale kwa munthu amene sanadwalepo maso. Ulusi umaphonya boo la singano, foni umaigwirira patali. Ambiri timathamangira magalasi owerengera a pamsika aja olembedwa +1.50 kapena +2.00. Sindikuwanyoza, ena amawathandiza ndithu. Koma mphamvu yake ndi imodzi maso onse awiri, pomwe anthu ambiri maso athu safanana.

Ndisanapite ku Limbeko ndinayezetsapo pa shopu ina ya magalasi m'tauni. Anandikhazika pa makina osuzumiramo aja, umaona kanyumba kali patali, makina nkulavula kapepala, basi ati tathana, sankhani fulemu. Magalasi akewo ankandipatsa chizungulire, tebulo lodulirapo nsalu kumaoneka lopendekeka.

Ku Limbe makina omwewo alipo, koma mayi woyeza anandiuza kuti amenewo amangomupatsa poyambira. Tisanafike nkomwe pa makinawo anayamba wandifunsa: ntchito yanga, ngati ndili ndi shuga kapena BP, ngati kwathu kuli amene anachita khungu, mankhwala amene ndimamwa. Za shuga anachita kubwereza, poti shuga akamakwera ndi kutsika mphamvu ya diso imasinthanso, ndiye ukayezetsa tsiku limene wakwera umatenga magalasi amene sabata yamawa sakuthandiza.

Kenako tchati cha zilembo, diso limodzilimodzi linalo atalitseka. Osadziwa kuwerenga asaope, pali tchati cha chilembo E chotembenuzidwa uku ndi uku, umangoloza ndi zala kumene miyendo yake yayang'ana. Ndiye anandiveka chifulemu cholemera chachitsulo nkuyamba kusinthamo timandala. "Ili kapena ili? Loyamba kapena lachiwiri?" Apa ndi pamene ambiri timaonongera zinthu chifukwa cha ulemu. Umaona kuti watayitsa nthawi dokotala, nkungovomera kuti zithe. Iye anandiuza poyambirira kuti ndikaona kuti onse ndi ofanana ndinene choncho, ndipo ndisatsinzinire kuti ndione bwino. Penapake ndinapempha kuti abwereze, anabwereza osakwinya nkhope.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi ichi. Anandifunsa kuti ndikakhala pa makina osokera, singano imakhala patali bwanji ndi maso. Ndinamuonetsa ndi dzanja, iye anatenga tepi nkuyeza. Anati mphamvu yowerengera buku pafupi ndi nkhope si imodzi ndi ya munthu wosoka kapena wa pa kompyuta, amene ntchito yake ili patsogoloko pang'ono. Telala mnzanga aliyense amvetsa, diresi susoka usanayeze mwini wake.

Anayezanso mphamvu ya madzi a m'diso, kufufuza glaucoma, matenda aja amadya maso mwakachetechete osapweteka, nkundithira mankhwala okulitsa mwana wa diso kuti aone kumbuyo kwake. Mankhwala amenewa amakusiya ukuona mwachimbuuzi kwa maola angapo ndipo dzuwa limathobwa koopsa. Musabwere mukuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto, ndipo ambulera kapena magalasi akuda musaiwale.

Pomaliza anandipatsa pepala la miyezo ya maso anga m'manja ndisanapemphe, nkundiwerengera. SPH ndi mphamvu yeniyeni, ya minus kwa osaona patali, ya plus kwa ovutika kuona zapafupi. CYL ndi AXIS ndi za diso losabulungira bwino, ndipo AXIS ndi nambala ya pakati pa 1 ndi 180 yosonyeza mbali imene mandala ayenera kupendekera. Langa lamanzere lili ndi vuto limeneli. ADD ndi yoonjezera ya zapafupi. PD ndi mtunda wa pakati pa ana a maso mu mamilimita, ndipo ikalakwika, ngakhale zina zonse zikhale zolondola, mutu uwawa basi. Malo okana kukupatsani pepala limeneli, kapena oti mulitenga pokhapokha mugule fulemu pomwepo, ine ndiye sindingabwerereko.

Zosakoma zilipo. Mafulemu awo ndi odula, ndipo mtsikana wa pakauntala amakakamira kwambiri zoonjezera, ati zotchinga kuwala kwa foni, ati zoda padzuwa. Ndinakana zonse, ndinangovomera zoletsa kunyezimira. Mandala a CYL sanali okonzeka pomwepo, ndinadikira kuposa tsiku limene analonjeza, foni osaimba mpaka ndinapita ndekha. Fulemu ndinabwera ndi yanga yakale, anavomera kuikamo mandala koma atandichenjeza kuti ikathyoka poika si mlandu wawo.

Pakhoma pali satifiketi ya Medical Council of Malawi ndi digiri ya optometry, maphunziro a zoyeza maso, ya ku Mzuzu University, ndipo kulikonse kumene mwapita muli ndi ufulu wofunsa ngati woyezayo ndi wolembetsedwa. Mayi anandiyeza uja amadziwanso polekezera ntchito yake. Agogo ena amene tinakhala nawo pa benchi anatuluka opanda magalasi, atanyamula kalata yopita nayo ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens. Anandiuza okha kuti apezeka ndi ng'ala, ndipo awauza kuti ng'ala yokhwima imafuna opaleshoni, magalasi sangaichotse.