TNM, Airtel kapena Starlink: mu Blantyre iti ikuyenera ntchito yanji?

Ambiri mwa ife mumzinda muno tili ndi foni yolowa masimu awiri, ina ya 088 ina ya 099. Ndiye mkangano woti kampani yabwino ndi iti ulibe kwenikweni kumene ungatifikitse. Chofunika kudziwa ndi chakuti simu iti igwire ntchito yoimbira, iti ya intaneti, iti ya ndalama, komanso ngati pali chifukwa choikira dishi ya Starlink padenga.

TNM ndi mwana wa mu Blantyre muno. Inayamba mu 1995 ngati kampani yoyamba ya mafoni a m'manja m'Malawi, ndipo likulu lake lili ku Livingstone Towers pa msewu wa Glyn Jones. Airtel inabwera mu 1999 ikutchedwa Celtel, n'kukhala Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010, ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. M'dziko lonse Airtel ndiyo ili ndi makasitomala ambiri, zomwe zili ndi phindu lake pa nkhani yoimba: bandulo yoimbira imakomera amene muli nawo pa netiweki imodzi. Ngati amayi kumudzi ku Thyolo ndi alamu anu ku Mulanje onse ali pa 099, musavutike mutu, yoimbira ikhale Airtel. Ngati ali pa 088, chimodzimodzi. Apa abale ndiwo amakusankhirani.

Pa intaneti ndi pomwe anthu amakangana mpaka kutukwanizana, chonsecho onse akunena zoona. Blantyre ndi mzinda wa mapiri ndi zigwa. Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe ndi Bangwe amatchinga mafunde a netiweki, moti nyumba ya m'munsi mwa phiri ku Chilobwe ikhoza kuyang'anizana ndi nsanja ya kampani imodzi n'kufulatira ya inzake. Wina ku Chilomoni akulumbira kuti TNM ikuthamanga, wina ku Machinjiri akuti popanda Airtel sangatsegule ndi chithunzi chomwe. Palinso kuchulukana. Nsanja imodzi imagawira anthu onse oizungulira, n'chifukwa chake intaneti yomwe imauluka m'mamawa imayamba kukwawa madzulo anthu akaweruka, makamaka m'makomboni odzaza ngati Mbayani ndi Ndirande. Choncho musayesere netiweki pa shopu ku Chichiri masana. Gulani kabandulo ka tsiku limodzi kumbali zonse ziwiri, mukayesere m'chipinda chomwe mumagona, nthawi yomwe mumakonda kukhala pa foni, zitseko zili zotseka.

Mitengo sindiilemba pano chifukwa imasinthasintha, koma poyerekeza PaNet ya Airtel ndi mabandulo a TNM musangoyang'ana kuchuluka kwa ma GB. Onani masiku ake. Bandulo yaikulu yotha m'masiku ochepa ndi yabwino kwa wophunzira wa ku MUBAS amene akukopera mabuku ndi mavidiyo usiku umodzi, koma kwa mayi wa geni amene amangofuna WhatsApp yolandirira maoda ndi kutaya ndalama. Mabandulo otchedwa opanda malire, monga Pamtsetse wa TNM, nawonso werengani malamulo ake, chifukwa amtunduwu kawirikawiri amakhala ndi liwiro loikiratu kapena amafooka mukadutsa mlingo wina. Za 5G, TNM ndiyo inatsogola mu 2023, koma imagwira m'malo ochepa ndipo imafuna foni yake yake. Ine sindingasinthe laini chifukwa cha 5G yokha pamene 4G yakwanu ikugwira bwino.

Pali mavuto ena omwe makampani awiriwa amagawana mofanana. Nsanja zimadalira magetsi a ESCOM, ndipo akathima zimayendera mabatire ndi majenereta a dizilo. Tonse tikukumbukira mdima womwe unatsatira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Chinanso, dziko lathu silifika ku nyanja yamchere, ndiye intaneti imatipeza pa zingwe zodzera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zitaduka mu Meyi 2024, intaneti inafooka kuno limodzi ndi maiko ena a kum'mawa kwa Africa.

Starlink, yomwe inalowa m'Malawi mu 2023 ndi chilolezo cha MACRA, imasiyana pomwepa: dishi yake imalankhula ndi masetilaiti, sidalira nsanja ya pa phiri. Liwiro lake ndi labwino ndithu, ndipo kwa ofesi, sukulu, malo ogona alendo kapena munthu wotumiza mavidiyo akuluakulu tsiku ndi tsiku ikhoza kudzilipira yokha. Koma zida zake ndi ndalama yaikulu ya pakamodzi, kenako pali ya mwezi ndi mwezi, ndipo chinthu chochokera kunja ngati ichi mtengo wake umamvera dola. Amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa chomwe ndikunena. Imafunanso magetsi apanyumba panu, kumwamba kopanda mitengo yotchinga, ndipo mvula yamphamvu imaisokoneza. Simungakwere nayo minibasi ya ku Limbe, simungaimbire nayo agogo a foni ya mabatani. Kwa banja wamba, karauta kapena MiFi (kachipangizo ka m'thumba kogawa Wi-Fi) yokhala ndi simu yomwe ikugwira bwino kwanuko ndi yokwanira.

Pa ndalama, Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba ya TNM mu 2013. Zonse mukhoza kugulira mayunitsi a magetsi, kulipirira madzi a Blantyre Water Board ndi kulumikiza ku banki, ina pa *211# ina pa *444#. Kusiyana kwake kumaonekera pa ejenti. Ku msika wa Limbe kapena ku Wenela maejenti ambiri amagwira zonse ziwiri, koma mukatuluka cha ku Lunzu kapena ku Mpemba madzulo mukhoza kumva zoti fuloti ya mbali imodzi yatha. Kutumiza kuchokera ku Mpamba kupita ku Airtel Money kumatheka, kungoti ndalama yodulidwa imasiyana ndi yotumiza mkati mwa netiweki imodzi, ndiye wa geni atsegule zonse ziwiri kuti kasitomala asapeze chonamizira. Ngongole ya mayunitsi, kaya ndi Kutapa ku Airtel kaya Pasavute ku TNM, imabwezedwa ndi kena pamwamba. Kuizolowera n'kumagula mayunitsi modula mwezi wonse.

Simu yachiwiri ija musaiiwale m'foni osaigwiritsa ntchito. Nambala ikakhala nthawi yaitali osaimba kapena kuikamo mayunitsi imatsekedwa, ndipo ikhoza kupatsidwa kwa munthu wina, pamene banki yanu ndi WhatsApp yanu zikadali pa nambala yomweyo. Muziikamo kangachepe mwezi uliwonse, ndipo onetsetsani kuti inalembetsedwa pa chiphaso chanu cha unzika, osati cha mchimwene wanu amene anakugulirani.