Bullring ya ku Birmingham: zovala kumtunda, ndiwo kumunsi

Ndimakhala ku West Midlands, ndipo Bullring, malo aakulu a mashopu pakati pa mzinda wa Birmingham ku England, ndi komwe ndimagula zovala za ana komanso komwe ndimaperekeza abale akabwera kuchokera kumudzi. Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Malowa ndi akalekale. Msika udayamba pamenepa mu 1166, pomwe Mfumu Henry II idapereka chilolezo kwa Peter de Birmingham. Mu 1964 adamangapo Bull Ring Centre, imodzi mwa nyumba zoyambirira ku Britain zosonkhanitsa mashopu ambiri pansi pa denga limodzi. Vuto lake, omangawo adaganizira kwambiri galimoto. Msewu waukulu udazinga nyumbayo, ndipo woyenda wapansi ankalowera m'tinjira todutsa kunsi kwa msewu. Anthu achikulire amene ndimagwira nawo ntchito akamaikumbukira amangopukusa mutu, ati kunali konkire yekhayekha ndi mdima. Adayamba kuigwetsa mu 2000, ndipo yatsopanoyi idatsegulidwa pa 4 September 2003.

Chomwe adakhoza pomanganso, kwa ine, si mashopu ayi. Ndi njira. Adagawa nyumbayo pawiri, n'kusiya msewu wa anthu oyenda pansi pakati, wopanda denga, wotsetsereka mpaka pa tchalitchi cha St Martin. Ukaima kumtunda umaona nsanja ya tchalitchicho ili njo patsogolo pako, kumbuyo kuli Rotunda, nyumba yozungulira ija ya m'zaka za m'ma 1960 imene adaisiya osaigwetsa. Panjira yomweyo pali chiboliboli cha mu 1809 cha Nelson, mkulu wa asilikali a pamadzi a ku Britain. Zakale ndi zatsopano zangokhalirana, ndipo munthu sudodometsedwa ndi galimoto ngakhale imodzi.

Nyumba ya shopu yaikulu ya Selfridges ndiye imagawanitsa anthu. Kunja kwake adamatako timbale ta aluminiyamu 15,000, ndipo khoma lake ndi lopindikapindika, lopanda ngodya. Mlamu wanga atangoiona adafunsa ngati amisiri adamaliza ntchito. Ine ndimaikonda, makamaka dzuwa likamalowa, timbaleto tikamasintha mtundu. Nayo ng'ombe yamkuwa ya pakhomo, imene adaumba Laurence Broderick, siisowa alendo: Loweruka mumachita kudikirana kuti mujambulitse, ana akuikwera pamsana, ena akuigwira nyanga.

M'katimo ndi mwaukhondo, zikepe zilipo za okalamba ndi amayi oyendetsa ana pa tingolo. Ingodziwani kuti nyumbayi ili pamtsetse, choncho khomo lililonse limakufikitsani pa nsanjika yosiyana. Mukapangana ndi munthu, nenani kuti mukumane pa ng'ombe, apo ayi mudzasakana mpaka foni kutha moto. Mashopu amasinthanso: pomwe padali Debenhams, imene idatseka mu 2021, pano pali Marks & Spencer.

Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha thumba. Zakudya zam'katimu sizili za munthu wolandira malipiro a pa ola, ndipo tsiku lina pa kashopu kena ndidalipira khofi ndi kabanzi ndalama yokwana ndiwo za banja lonse. Mukafuna kugula mwanzeru, tsikani kumunsi kuseri kwa tchalitchi, ku misika ya pa Edgbaston Street. Kumeneko ogulitsa amakuwa ngati pa msika wa Limbe, tomato ndi anyezi ataziika m'timabakuli, mtengo umodzi bakuli lonse. Mu msika wam'nyumba muli nsomba zaziwisi, nyama ya mbuzi, nthumbwana ndi mapazi a ng'ombe. Ku Rag Market ndiye kwa nsalu, ulusi ndi mabatani, amayi osoka amakudziwa bwino. Lamulungu misikayi siitsegula, ndipo mashopu akuluakulu amagulitsa maola asanu ndi limodzi okha, malinga ndi lamulo la ku England.

Za mayendedwe, sitima ndiyo yabwino. Masiteshoni a New Street ndi Moor Street ali pafupi zedi, ndipo kuyambira 2015 pamwamba pa New Street pali mashopu enanso a Grand Central. Mukabwera pagalimoto yakale, fufuzani kaye nambala yake pa intaneti, chifukwa kuyambira 2021 pakati pa mzindawu pali Clean Air Zone, ndipo galimoto yotulutsa utsi wambiri imalipira £8 patsiku, kupatula ya pakingi.